Eriyo Yoloza ku Kitwe

Tivi ya m'nyumba ya ba Wilbroad ku Chawama, mu Lusaka, inali itakhala chete zaka ziwiri. Mphepo ya mvula yoyamba inathyola eriyo ya padenga sabata lomwelo limene anaika m'manda mkazi wawo, ba Philomena, ndipo panalibe amene anali ndi mtima wokaikonza. Luse, mwana wawo wamkazi, anangophimba tiviyo ndi kansalu koluka n'kuikapo chithunzi cha amayi ake. Dikoda inatsala pambali, fumbi lili mbuu.

Kuyambira pamenepo m'nyumbamo munali zii. Ba Wilbroad anagwira ntchito mumgodi ku Mufulira mpaka miyendo inawakana, ndipo tsopano ankangokhala pampando pafupi ndi khomo, kuyang'ana nsapato za anthu odutsa. Luse anali atamaliza Giredi 12, akudikira malo a ku koleji amene sankabwera. Anzake ena anapita kusukulu, ena anakwatiwa. Iye akamaliza kuchapa ankatsamira khoma la kuseri, kuyang'ana madenga a malata a Chawama, n'kumalota kuti tsiku lina adzawerenga nkhani pa tivi atavala jekete yofiira. Mchimwene wake Mpundu anali ku Kitwe, ndipo chichokereni pamaliro anali asanabwerenso.

Lachiwiri masana foni inalira. Anali Mpundu.

"Luse, uza batata. Kwaya yathu banaijambula. Bazationetsa pa tivi pa Sondo, pa fifitini, 3 koloko masana. Ndine niyambitsa nyimbo ija bamayo benze kuyambitsa."

"Iwe, zoona?"

"Zoona. Koma bazaonetsa kamodzi chabe. Osaphonya."

Luse anawauza ba Wilbroad. Pafoni sakanatha kuona kanthu: maso awo anali atayamba kuchita nkhungu, ndipo galasi la foni ya Luse linali long'aluka ngati ukonde wa kangaude. Anayang'ana chithunzi cha mkazi wawo nthawi yaitali.

"Chotsa ako kansalu, mwana wandi," anatero. "Nifuna kumuona Mpundu na maso yanga."

Luse anapukuta fumbi n'kuyatsa. Tivi inayaka, dikoda inayaka, koma galasi lonse linangokhala la buluu, pakati pali timawu tonena kuti palibe siginolo.

"Ngakhale mpunga palibe," anadandaula ba Wilbroad. Mpunga ndi dzina limene anthu anapatsa timadontho toyera ndi takuda timene tinkathothoka pa matiivi akale chithunzi chikakana. "Kale mpunga wenze kutiuza. Ukaona mutu wa munthu mukati mwa mpunga, waziba kuti uli pafupi. Aya ma dijito yangokhala duu monga munthu wokwiya."

Luse si munthu wodikira. Lachitatu m'mawa anathamangira kumsika, ndipo pakhomo penipeni pa msika anakumana ndi Goliati, bambo wogulitsa marimoti, matochi ndi maeriyo pa wilibala. Goliati ananyamula kaeriyo ka nyanga ziwiri zonyezimira, kokhala ndi kanyali ka buluu pamimba.

"Sisita, iyi igwila mpaka Dubai! Ukaipotoza bwino uzaona na kumwamba, bangelo bali pa kwaya pulakatisi. Sufunika kukwela pamalata, uika chabe pa tivi."

Kanyali kaja kanamukopa Luse. Kankaoneka ngati nthanda. Sanafunse funso ngakhale limodzi. Anagula n'kubwerera kunyumba akuyimba.

Anakaika pamwamba pa tivi. Palibe. Anakaika pazenera, kenako pakabati, kenako pa mpando woikidwa pamwamba pa tebulo. Anatambasula nyanga, anazipinda, anazipingasa. Nthawi ina nkhope ya mayi wina inatulukira, n'kuuma pakamwa pali yasa, n'kusweka kukhala timabokosi, n'kuzimirira. Lachinayi lonse linapita choncho. Kanyali kokha ndiko kankawala mokhulupirika.

Lachisanu ba Wilbroad anakumbukira. "Ija eriyo yanga ya ku Mufulira ikali kumbuyo kwa toileti. Ija ni eriyo, osati utu tunyanga twa mbuzi. Inationetsa mpila zaka twente."

Inalidi eriyo yaikulu, ndodo zake zitalizitali ngati nthiti za ng'ombe, zina zopindika, zonse zadzimbiri. Chingwe chake chinali choduka patatu. Luse anachilumikiza ndi mano ndi zala, n'kukulunga polumikizapo ndi mapepala a pulasitiki a buledi.

Loweruka m'mawa anaimangirira pa mlongoti wa bulugamu, n'kuuimika pakona ya nyumba. Tsopano funso linali loti ailozetse kuti. Luse sanavutike nalo. Mpundu ali ku Kitwe, Kitwe ili kumpoto. M'maganizo mwake ankaiona nyimboyo ikunyamuka pakamwa pa mchimwene wake, ikuuluka pamwamba pa Kapiri, pamwamba pa Kabwe, ikufunafuna denga la kwawo pakati pa madenga zikwizikwi. Eriyo ndi khutu, anadziuza yekha, ndipo khutu umalitchera kumene kuli amene umamukonda. Anailozetsa kumpoto.

"Batata, yabwela?" anafuula.

"Awe!" anayankha bambo ake m'nyumba.

Anaipotozera uku msangamsanga. "Manje?"

"Awe!"

Anaibwezera kumpoto. "Nanga manje?"

"Buluu chabe, mwana wandi."

Dzuwa linakwera. Manja a Luse anachita matuza, misozi ili lengelenge. Mawa linali Lamulungu. Anaganiza kuti mwina vuto ndi kutalika, choncho anakwera pa diramu, n'kuzula mlongoti uja kuti aukweze. Mlongoti unalemera kumutu, n'kuyamba kupendekera chakumsewu.

"Iwe Luse! Gwila apo pamene! Osasuntha!"

Anali ba Mainess a pa poloti yoyandikana ndi yawo, mayi wokonza mawailesi, mafoni ndi masimbi pa kantemba, kasitolo kake ka pafupi ndi pokwerera minibasi. Zaka ziwiri zonsezi iwo ndi Luse ankangopatsana moni wa pampanda. Analowa pageti chothamanga, chitenje chili m'manja, n'kugwira mlongoti kumunsi. Anautsitsa pang'onopang'ono mpaka unagona pansi. Kenako analoza m'mwamba. Waya wa magetsi wochokera pa pholo la mumsewu unkadutsa pomwepo, patali ngati mkono umodzi kuchokera pamene nsonga ya eriyo inafika.

"Ufuna bashi Mpundu balile kabili?" anatero ba Mainess, akupuma mwaphuma. Bashi Mpundu ndiko kuti bambo a Mpundu, monga mmene anthu a kwawo ankawaitanira ba Wilbroad. "Chisulo na waya wa malaiti sivipatsana moni, mwaiche." Mwaiche ndiko kuti mwana wamng'ono.

Luse anatsika pa diramu. Analongosola zonse: za kwaya, za nyimbo ya amayi ake, za fifitini ya mawa.

"Manje wenze kuilozetsa kuti?"

"Ku Kitwe. Kaili ndiye kwamene Mpundu aimbila."

Ba Mainess anayesa kudzigwira, koma kuseka kunawapulumuka mpaka anagwira bondo. Ataona nkhope ya Luse anasiya, n'kumugwira paphewa.

"Mutima wako uli bwino, ni eriyo chabe yasoba njila. Niuze. Mpundu akakwela basi ku Kitwe kubwela kuno, umamulandilila kuti? Umaimilila pamalata kuyang'ana kumpoto?"

"Awe. Nimayenda ku siteshoni."

"Ndiye vamene ivo. Vithunzi navo vili na siteshoni yake. Kaya vachokela ku Kitwe, kaya ku Chipata, vimayamba vafika pa nsanja yotumizila ya muno mu Lusaka. Eriyo yako ifunika kukavilandilila pa nsanja. Kwela futi pa dilamu, koma manja chabe. Uniuze vamene uona."

Luse anakwera. Madenga anali omwe aja amene ankawayang'ana tsiku ndi tsiku, ena otsendereza ndi miyala, ena ndi matayala. Koma lero anaona chimene anali asanachionepo. Maeriyo onse, aafupi ndi aatali omwe, analoza mbali imodzi, chakotulukira dzuwa, ngati anthu m'tchalitchi oyang'ana kuguwa.

"Yonse yayang'ana uku," anatero motsitsa mawu.

"Chawama yonse yenze kukuuza, iwe wenze bize na Kitwe."

Analowa m'nyumba. Ba Mainess anagwada pang'ono kupereka moni. "Mwauka bwanji, bashi Mpundu?"

"Tauka, bana Elina, koma tivi ndiye yakana kuuka," anayankha ba Wilbroad, powaitana ba Mainess ndi dzina la mwana wawo.

Ba Mainess anayang'ana dikoda n'kunena kuti ili bwino. Anafotokoza kuti tivi yakale ya chimsana ngati imeneyo singagwire zithunzi za dijito popanda dikoda, pamene matiivi ena atsopano amabwera nayo m'kati. Kenako ananyamula kaeriyo ka nyanga kaja n'kuloza kudenga.

"Aka sikoipa. Ku banthu bokhala pafupi na nsanja, olo pa nyumba ya pamwamba ili na windo ikulu, kamagwila. Koma imwe muli pansi pa malata, vipupa va mabuloko mbali zonse, na nyumba zinangu zakupanikizani. Malata yamabweza siginolo monga mwamene yabwezela mvula. Apa pafunika eriyo ya panja."

"Nanga yanga ya ku Mufulira si ya panja?" anafunsa ba Wilbroad, mawu ali ndi kaukali pang'ono.

"Ija inasebenza nchito yake, bashi Mpundu, monga imwe. Ipumuleko. Ndodo zitali zija zenze za siginolo yakale. Ya manje ifuna tundodo tufupi. Na chingwe chija chili na vilonda vitatu. Pa chilonda chilichonse siginolo imathaba, mvula imangena."

Ba Wilbroad anaseka koyamba sabata imeneyo. "Mwati ipumule monga ine. Chabwino."

Masana ba Mainess anatseka kantemba kawo n'kupita ndi Luse kusitolo ya zamagetsi. Panjira anamuuza kuti wofunsa akhale iyeyo, iwo angoima kumbuyo. Luse anafunsa ngati eriyoyo ndi ya panja. Anafunafuna pa katoni malemba atatu amene anamuuza, UHF, n'kuwapeza. Anafunsanso ngati angaibweze ikakana kugwira, ndipo mwini sitolo anavomera, bola asunge lisiti ndi katoni. Eriyoyo inali yopepuka, tindodo take tatifupi tondandalika ngati minga ya nsomba, kumbuyo kuli kachitsulo kolukana.

Luse anaitembenuza uku ndi uku, nkhope itagwa. "Ilibe na kalaiti."

"Ufuna eriyo olo ufuna Khisimisi?" anatero ba Mainess.

Mwini sitolo anatulutsa kabokosi kotchedwa busita, kokweza mphamvu ya siginolo. Ba Mainess anapukusa mutu. "Tiyambe tayesa popanda. Busita ili monga sipika ya mu chalichi. Imakweza mau yamene yalipo. Ngati abusa sibanabwele, sipika siilalikila." Anatenga chingwe chatsopano chochindikala, chimodzi chosalumikiza, chotalika mongokwanira kuchokera pa mlongoti kufika pa dikoda.

Pobwerera mitambo inali itada, mphezi zikung'anima chakumwera. Luse ankafuna aimike pompo. Ba Mainess anakana. Eriyo saimika kukuchita mphezi, ndiponso malata onyowa amaterera. Luse anaika katoni kuseri kwa chitseko. Madzulo amenewo bambo ake sanadye bwino.

Lamulungu kunacha kowala. Atatuluka m'tchalitchi, ba Mainess anabwera ndi pulayala ndi waya womangira. Anasankha mbali ina ya nyumba, kutali ndi waya wa magetsi, pamene ngakhale mlongoti utagwa sungaukhudze. Anamanga eriyo mlongoti uli pansi, tindodo tagona chimodzimodzi ndi ta maeriyo a anansi. Kenako anauimika awiriwiri mpaka eriyo inapitirira denga la nyumba yoyandikana, kutsogolo kwake kulibe mtengo kapena khoma.

Ba Mainess analowa m'nyumba, n'kudina rimoti mpaka pagalasi panaoneka timizere tiwiri togona, tili ndi manambala kumapeto. Anakokera mpando wa ba Wilbroad pafupi n'kuwapatsa rimotiyo.

"Bashi Mpundu, mwenze kulila mpunga. Uyu ndiye mpunga wa manje. Yang'anani kamuzele ka pansi aka, ndiye kauza ubwino wa siginolo. Kakakula, tili pafupi. Muzibelenga nambala mokweza."

Panja anamuuza Luse kuti alozetse kumene kwaloza maeriyo a anzawo, kenako azipotoza pang'ono chabe, ngati kukula kwa chala, n'kuwerenga mpaka faifi asanapotozenso. Dikoda imachedwa kuyankha. Woipotoza mothamanga amadutsa pa siginolo osadziwa.

Nthawi inali itadutsa 2 koloko. Luse anagwira mlongoti. Anapotoza pang'ono. Wanu, thuu, firii, folo, faifi.

"Ziro!" anafuula ba Wilbroad.

Anapotozanso. Manja ankamuyabwa kuti angouzunguza wonse kamodzi. Ba Mainess anamuyang'ana ndi diso limodzi. "Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwaiche. Belenga."

"Eitini!" anafuula ba Wilbroad. "Kabwela kamuzele!"

Chala china. Faifi wina.

"Sate faifi! Fifite! Pitiliza, mwana wandi, pitiliza!" Mawu awo anali atabwerera mphamvu ya mumgodi. "Sevente! Awe, yabwelela, sikisite. Bweza pang'ono! Apo! Apo pamene!"

Ba Mainess anamanga mlongoti kukhoma ndi waya pawiri kuti mphepo isautembenuze. Analowa, n'kuuza dikoda kuti ifufuze matchanelo mwatsopano, chifukwa inali itagona zaka ziwiri. Kamzere kofufuza kankayenda ngati kamba. Luse analuma chala. Kutatsala mphindi khumi kuti ikwane 3 koloko, buluu uja anachoka, ndipo m'nyumba munamveka mawu a munthu wolengeza mapulogalamu, nkhope yake yoyera bwino ngati waima pakhomo.

Ba Mainess anatola pulayala kuti azipita. Ba Wilbroad anakweza dzanja. "Awe, bana Elina. Mwaphika, mufunika kulawa. Luse, bapatse mupando."

Chitseko chinali chotsegula, ndipo phokoso la tivi m'nyumba imene inazolowereka kukhala zii linaitana anthu. Amayi awiri a pa poloti anasuzumira, n'kulowa, n'kukhala pamphasa.

Kwaya inatulukira, amayi atavala zoyera, abambo masuti akuda. Kamera inayenda pang'onopang'ono pankhope zawo n'kuima pa mnyamata wamtali wa kutsogolo. Mpundu anakweza chibwano monga mmene amayi ake ankachitira, n'kuyambitsa nyimbo.

Ba Wilbroad anasendera kutsogolo mpaka mphuno inatsala pang'ono kugunda galasi. "Waonda," ananong'ona. Kenako milomo yawo inayamba kutsatira mawu a nyimboyo, besi yawo yakale ikutuluka mosasa. Luse anayang'ana chithunzi cha amayi ake pamwamba pa tivi, n'kuyang'ana mchimwene wake pansi pake, ndipo sanapukute misozi. Ba Mainess, amene sankaidziwa nyimboyo, ankangoomba m'manja mofatsa.

Pulogalamu itangotha foni inalira. Luse anaipereka kwa bambo ake.

"Batata, mwaniona?"

"Nakuona, mwana wandi. Kolala yenze yopindika kumanzele. Banyoko sembe bakukalipila." Anayang'ana chithunzi cha malemu mkazi wawo. "Waimba bwino. Manje ubwele, nikuone popanda galasi."

"Nizabwela pa Isitala, batata. Nalonjeza."

Luse anatuluka panja kukapuma mpweya. Eriyo yawo inali itaima pakati pa anzake, yaying'ono, yopanda kanyali, yoyang'ana kumene anzake onse akuyang'ana. M'nyumba munkamveka amayi aja akukangana ndi bambo ake za tchanelo choti aonere.

Phunziro la Luse ndi la tonsefe. Musagule eriyo chifukwa cha kukula kwake, kunyezimira kwake kapena pakamwa pa wogulitsa. Yambani mwaona pamene mukukhala. Ngati denga ndi la malata ndipo nyumba n'zothithikana, sankhani eriyo ya panja ya UHF ndi chingwe chabwino chosalumikiza, ndipo ngati tivi ndi yakale onetsetsani kuti dikoda ilipo. Imikani mlongoti kutali ndi mawaya a magetsi, kunja kuli kouma, muli awiri. Potozani pang'onopang'ono mukuyang'ana kamzere ka siginolo, kenako fufuzani matchanelo. Eriyo siloza kumene kwachokera pulogalamu, imaloza ku nsanja yotumizira ya m'dera lanu. Ngati simukudziwa kumene ili, yang'anani padenga la mnansi wanu, kenako tsikani mukagogode pakhomo pake.